Kuyeza Tulo ta Kompyuta

Usiku wopanda mwezi, ukaima pamchenga ku Metangula kapena ku Cobué n'kuyang'ana kunyanja, umaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika ngati mudzi woyandama. Amene sanapiteko kumadzi angaganize kuti anthu amenewa akupalasa usiku wonse. Sizili choncho. Nthawi yaitali amangokhala, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala. Nkhafi zili pamiyendo, injini yazimitsidwa, wina akusinza. Ikakwana nthawi yoponya chilimila aliyense amadzambatuka, thukuta kamukamu kwa mphindi zingapo, kenako zii. Msodzi wopalasa mosalekeza sangafike mbandakucha ali ndi mphamvu yokokera khoka.

Purosesa, kachipangizo kochita masamu onse mkati mwa kompyuta, imakhala moyo wofanana ndi umenewu. Mukamalemba kalata, pakati pa chilembo chimodzi ndi chinzake pamadutsa nthawi imene kwa purosesa ndi yaitali ngati usiku wathunthu. Imagwira ntchito kanthawi, n'kugona, n'kudzukanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Magetsi amene kompyuta imadya amadalira kwambiri kuya kwa tulo timeneti. Ndipo tuloti tingathe kutiyeza.

Kwa munthu wa ku Maputo kapena ku Lilongwe, nkhaniyi ingaoneke ngati ya akatswiri okha. M'boma la Lago ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Ku Metangula kuli magetsi a EDM, ndipo ogula mayunitsi a Credelec amadziwa kuti chilichonse cholumikizidwa kukhoma chikudya ndalama. Mukatuluka m'tauni kulowera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, makomo ambiri amadalira sola ndi batire. Batire lomwelo liyatse nyali, litchaje mafoni a anthu oyandikana nawo, liyendetse laputopu ya mphunzitsi kapena ya mnyamata woikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Pamalo otere wati iliyonse ili ndi mwini wake.

Tiyambe ndi liwiro. Purosesa ili ndi kawotchi kake kamene kamagunda mofulumira kwambiri, ndipo kugunda kulikonse ndi mwayi wochita kantchito kamodzi. MHz imodzi ndi kugunda 1,000,000 pa sekondi, ndipo GHz imodzi ndi MHz 1,000. Nambala yolembedwa pa kompyuta, monga 2.4 GHz, anthu amaitenga ngati liwiro lokhazikika, koma purosesa ya masiku ano imasinthasintha. Ntchito ikachepa imatsika mwina kufika pa 800 MHz, ikachuluka imakwera, nthawi zina kupitirira nambala yolembedwayo. Kupitirira kumeneku kampani ya Intel inakutcha Turbo Boost pamene inakuyambitsa mu 2008.

Chimene chimachititsa liwiro kukhala lodula ndi mavoti. Kuti purosesa ithamange kwambiri imafuna mavoti okwerapo, ndipo magetsi amene imadya amakula motsatira mavoti ochulukitsidwa ndi mavoti omwewo, kenako ndi liwiro. Mavoti akakwera ndi 20 peresenti, magetsi amakwera ndi 44 peresenti, tisanawerengere liwiro lowonjezekalo. Woyendetsa boti la injini amazidziwa bwino izi: ukakanikiza mpaka pamapeto, petulo amatha msangamsanga koma boti limangowonjezera pang'ono kuthamanga.

Tsono tulo. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anagwirizana pa ndondomeko yotchedwa ACPI, yofotokoza mmene kompyuta iziyendetsera magetsi ake. M'menemo ndi mmene munachokera mayina a C0, C1, C2 ndi C3, ndipo opanga mapurosesa anadzawonjezera ena akuya kwambiri. C0 ndi kukhala maso, pantchito. C1 ndi kuika nkhafi pamiyendo: wotchi yaimitsidwa, koma akakuitana umayamba pomwepo. C6 ndi kukokera bwato kumtunda n'kukagona m'nyumba. Purosesa imasunga pambali zimene imachita, ndipo magetsi opita ku chigawo chimenecho amadulidwa pafupifupi onse. Tulo tikamazama, magetsi amapulumuka ambiri, koma kudzuka kumatenganso nthawi yotalikirapo. Nthawi yake ndi tizigawo ta sekondi tochepetsetsa moti munthu sangatimve, komabe kompyuta imayenera kulingalira: kodi ndikhala wopanda ntchito nthawi yokwanira kuti kukoka bwato kupindule?

Purosesa imodzi imakhala ndi ma-core awiri, anayi kapena oposerapo, ngati anthu ogona m'nyumba imodzi. Core iliyonse ili ndi tulo take, koma palinso tulo ta nyumba yonse, totchedwa PC2, PC6, PC8, mpaka PC10 pa makina atsopano. Nyumba siigona ngati mmodzi ali maso. Khanda limodzi lolira pakati pa usiku limadzutsa onse, ndipo m'kompyuta khanda lotere lingakhale tsamba la intaneti loiwalidwa, kapena kachipangizo kosomekedwa pa USB. Apa ndi pamene magetsi ambiri amatayikira mosaoneka, chifukwa pa sikirini zonse zimaoneka zabata.

Kale Linux yeniyeniyo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, inali khanda lolira. Inkadzutsa purosesa ka 100, ka 250 kapena ka 1,000 pa sekondi kuti ione ngati pali ntchito, ngakhale palibe. Mu 2007, ndi Linux 2.6.21, chizolowezi chimenechi chinasinthidwa kuti purosesa yopanda ntchito izisiyidwa igone. Chaka chomwecho Arjan van de Ven wa ku Intel anatulutsa PowerTOP, pulogalamu youlula amene akudzutsa purosesa. Tibwereranso kwa iyo.

Chida chimene ndikufuna tikhalepo kwambiri ndi turbostat, chimene analemba Len Brown, nayenso wa ku Intel. Chimasungidwa pamodzi ndi Linux yeniyeniyo ndipo n'chaulere. Pa Linux ya mtundu wa Ubuntu chimabwera mu linux-tools-generic, pa Debian mu linux-cpupower, pa Fedora mu kernel-tools. Sichidya data yambiri, koma ndi bwino kuchiika tsiku limene muli pamalo pamene netiweki ikugwira bwino, kaya ku Metangula kaya ku Lichinga. Mukachiika, sichifunanso intaneti. Chilibe zithunzi kapena mabatani. Mumatsegula terminal, chiwindo cholembamo malamulo chija, n'kulemba sudo turbostat. Chimayamba kutulutsa manambala pa masekondi 5 aliwonse mpaka mutachiimitsa ndi Ctrl ndi C.

Ulendo woyamba manambalawo amaopsa, chifukwa amadzaza sikirini yonse. Musabwerere m'mbuyo. Uzani chidacho kuti chionetse zokhazo zimene mukufuna:

sudo turbostat --quiet --Summary --interval 10 --show Busy%,Bzy_MHz,Avg_MHz,IRQ,CPU%c6,Pkg%pc8,PkgTmp,PkgWatt

Tsopano mupeza mzere umodzi pa masekondi 10 aliwonse. Busy% ndi gawo la nthawi imene purosesa inali maso. Bzy_MHz ndi liwiro limene inkathamanga pa nthawi imene inali masoyo. Avg_MHz ndi liwiro logawidwa pa nthawi yonse, kuphatikiza ya tulo. Manambala atatuwa ndi apachibale. Purosesa ikakhala maso 5 peresenti ya nthawi pa liwiro la 2,400 MHz, Avg_MHz ikhala pafupifupi 120. Ambiri amadzidzimuka akaona Bzy_MHz ili pamwamba pamene sakuchita kanthu, n'kuganiza kuti makina awonongeka. Yang'anani kaye Busy%. Ngati ili pa 1 kapena 2, ndiye kuti msodzi wathamanga kukoka khoka n'kubwerera kukagona. Palibe cholakwika.

Chimene ndimachikondera turbostat n'chakuti sichifunsa maganizo a wina. Mapulogalamu ena amakuuzani liwiro limene Linux inapempha, pamene turbostat imawerenga timamita tiwiri ta mkati mwa purosesa, APERF ndi MPERF. Kamodzi kamayenda pa liwiro lenileni, kena pa liwiro lokhazikika, ndipo tonse timaima purosesa ikagona. Kuyerekeza tiwiriti kumaulula zimene zinachitikadi.

IRQ ndi chiwerengero cha maulendo amene zipangizo zinagogoda pachitseko cha purosesa. CPU%c6 ndi gawo la nthawi imene ma-core anali mu C6, ndipo pa makina ena danga lofunika limakhala CPU%c7. Pkg%pc8 ndi tulo ta nyumba yonse. Makina akale sadziwa PC8, amathera pa PC6 kapena PC7, choncho sinthani dzinalo molingana ndi zimene zinaoneka ulendo woyamba uja. Laputopu yabwino, ikasiyidwa osaikhudza, iyenera kukhala nthawi yochuluka mu tulo takuya. Mukapeza ma-core akugona bwino koma nyumba yonse ikukanirira pa PC2, dziwani kuti pali chimene chikuigwira mwendo.

Kenako PkgWatt, nambala imene munthu wa sola amaifunitsitsa. Kuyambira mu 2011, ndi mapurosesa a m'badwo wa Sandy Bridge, Intel inaika mkati mwa purosesa mita yotchedwa RAPL yowerenga mphamvu imene yadyedwa. turbostat imawerenga mitayo kawiri, n'kugawa kusiyana kwake ndi masekondi amene adutsa, n'kupeza mawati. Mapurosesa a Ryzen a kampani ya AMD alinso ndi mita yofanana. Pa malaputopu akale kwambiri a Core 2 Duo, amene akupezekabe m'misika ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, danga limeneli silioneka n'komwe. Mitayi ndi yatcheru kwambiri moti mu 2020 ofufuza a ku Graz, Birmingham ndi malo ena anaonetsa kuti munthu angathe kuba makiyi achinsinsi pongoyang'ana mmene magetsi akusinthira. Kuyambira pamenepo Linux inatseka kuti woyang'anira makina yekha ndiye aziiwerenga.

Chenjezo limodzi n'lofunika. PkgWatt ndi magetsi a purosesa yokha, osati a kompyuta yonse. Sikirini, disiki, wailesi ya Wi-Fi, chaja chotentha chija, zonsezi zili kunja kwa mitayo. Kuti muone zonse za mkati mwa laputopu, zulani chaja kuti laputopu iyendere batire lake, ndipo lembani cat /sys/class/power_supply/BAT0/power_now. Nambala yotulukayo muigawe ndi 1,000,000 kuti mupeze mawati. Makina ena amatcha batirelo BAT1, ndipo ena amapereka current_now ndi voltage_now m'malo mwake. Mukaika nambala ya batire ndi ya PkgWatt pamodzi, kawirikawiri mumapeza kuti pa laputopu yongokhala, sikirini yowala kwambiri ndiyo ikudya kuposa purosesa.

Kuyeza kwabwino kumafuna kope, cholembera ndi kudekha. Yatsani makina, asiyeni mphindi zingapo akhazikike, lembani manambala. Amenewo ndiwo poyambira. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha. Tsegulani Firefox kapena Chrome ndi masamba amene mumawasiya otsegula tsiku lonse, dikirani, lembani. Tsekani, lembaninso. Somekani modemu kapena foni pa USB, lembani. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi simudziwa wolakwa, monga mmene simungadziwire mbuzi yodya chinangwa ngati mwatsegula makola onse pamodzi. Tiyerekeze kuti poyambira PkgWatt inali 1.5, ndipo tsamba limodzi la intaneti lokhala ndi zotsatsa malonda zovinavina litatsegulidwa yakwera kufika pa 6. Busy% mwina yangofika pa 8, nambala yooneka yosalakwa, koma IRQ yachuluka ndipo Pkg%pc8 yagwa kufika pa 0. Ntchito yake ndi yochepa, koma kugogoda kwake n'kosalekeza, ndipo nyumba yonse yagona m'maso.

Oonetsa mafilimu ali ndi phunziro lawolawo. M'purosesa muli kachigawo kapadera komasulira makanema ndi magetsi ochepa, koma kamadziwa mitundu ina yokha. Mtundu wa H.264 pafupifupi makina onse a zaka zaposachedwa amaudziwa. Mtundu wa H.265, umene anthu amaukonda chifukwa mafayilo ake ndi aang'ono, mapurosesa a Intel anayamba kuumasulira mokwanira m'kachigawoko ndi m'badwo wa Skylake mu 2015. Pa makina akale kuposa pamenepo, ma-core ndiwo amasenza katundu wambiri. Filimu yomweyo, pa sikirini yomweyo, ingachititse Busy% kukwera kwambiri ndi fani kulira. Yesani mafayilo awiriwo motsatizana mu VLC kapena mpv, mutaonjezera CorWatt (magetsi a ma-core) ndi GFXWatt (magetsi a chigawo cha zithunzi) pa lamulo lija, ndipo muona nokha kumene katundu wagwera. Fayilo yaing'ono imapulumutsa data koma nthawi zina imalipiritsa batire.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti kupulumutsa magetsi ndi kumangirira purosesa pa liwiro lotsikitsitsa. Ine sindichivomereza chisanayezedwe. turbostat imatha kuyendetsa ntchito imodzi n'kunena mphamvu yonse imene yadya: lembani sudo turbostat --quiet --Joules, kenako lamulo la ntchitoyo, monga gzip ndi dzina la fayilo yaikulu. Joule imodzi ndi wati imodzi kwa sekondi imodzi. Tiyerekeze ntchito ikutha m'masekondi 20 pa mawati 15. Amenewo ndi ma-joule 300. Mukamangirira purosesa, n'kutenga masekondi 60 pa mawati 7, ndi ma-joule 420, ndipo nthawi yonseyo sikirini ndi zina zonse zinali zoyaka kudikira. Kuwoloka kuchoka ku Cobué kupita ku Likoma mwachangu mwera usanadzuke nthawi zina kumatopetsa pang'ono kusiyana ndi kupalasa monyinyirika tsiku lonse. Koma si nthawi zonse. Pamwamba penipeni pa Turbo Boost, mavoti aja amabwezera, ndipo pa ntchito zazitali kutsika pang'ono kumapindula. Makina alionse ali ndi pamene pamawayenera. Lamulo la cpupower frequency-info limakuuzani ndondomeko imene ikulamulira liwiro, kaya powersave, performance kapena schedutil, ndipo mungayese iliyonse ndi ntchito yomweyo.

Chosayenera kuchita mwachisawawa ndi kuletsa tulo. Mu BIOS ya makina ena muli pozimitsira tulo tija, totchedwa C-states, ndipo okonza makompyuta ena amazimitsa pofuna kuti makina azioneka achangu. Palinso nkhani yodziwika ya malaputopu otsika mtengo okhala ndi Atom kapena Celeron a m'badwo wa Bay Trail, a cha m'ma 2013 ndi 2014, amene ankauma mwadzidzidzi pa Linux. Mankhwala amene anafala anali kuika intel_idle.max_cstate=1 poyatsa makina, kutanthauza kuti purosesa isapitirire C1. Pa makina odwala matenda amenewo, mankhwalawo ankathandiza. Koma pa makina athanzi amangotentha ndi kudya batire pachabe. Mukalandira laputopu yachikale n'kupeza CPU%c6 ili pa 0 nthawi zonse, lembani cpupower idle-info muone ngati tulo takuya tilipo kapena wina anatitseka.

Kunyanja kuno kutentha nakonso ndi mdani. Mu Okutobala ndi Novembala, mpweya umene fani ikukoka umakhala wotentha kale. Onjezerani fumbi, mchenga, ndi nkhungu zimene zimathamangira kuwala kwa sikirini madzulo, ndipo timipata totulukira mpweya timatsekeka. PkgTmp imaonetsa kutentha kwa purosesa. Mapurosesa ambiri a Intel akayandikira madigiri 100 amadziteteza okha pochepetsa liwiro. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: Busy% ili pamwamba, PkgTmp ili pafupi ndi malire, koma Bzy_MHz ikutsika. Mwini wake amati kompyuta yakalamba kapena yalowa vayirasi, pamene ikungofuna kupukutidwa fumbi ndi kuchotsedwa pamatiresi n'kuikidwa pathebulo. Purosesa yotentha imatayanso magetsi ochulukirapo ngakhale pa ntchito yofanana.

turbostat imanena kuti tulo tasokonezeka, koma siitchula dzina la wosokoneza. Pamenepo itanani PowerTOP polemba sudo powertop. Imandandalika mapulogalamu ndi zipangizo molingana ndi kuchuluka kwa kudzutsa kwawo, ndipo ili ndi tsamba la zinthu zimene mungasinthe. Lamulo la powertop --auto-tune limasintha zonse nthawi imodzi, koma samalani: likhoza kugoneka mausi kapena modemu ya pa USB mpaka kuyamba kudukaduka. Mwamwayi, mukazimitsa makina n'kuyatsanso, zosinthazo zimafufutika. Ogwiritsa ntchito Windows alibe turbostat, koma powercfg /energy imayang'ana makina kwa masekondi 60 n'kulemba lipoti la zimene zikuletsa tulo. Angathenso kuyatsa Linux kuchokera pa fulashi, kuyeza, n'kubwerera osafufuta kanthu.

Tsopano tibwere nazo kubatire. Batire la mavoti 12 ndi 100 Ah limasunga pafupifupi 1,200 Wh. Ngati ndi la mtovu, lija lofanana ndi la galimoto, silifuna kukamidwa kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Choncho zogwiritsa ntchito ndi pafupifupi 600 Wh. Laputopu yodya mawati 10 ingayende maola 60 pa mphamvu imeneyi, yodya mawati 20 maola 30, ndipo kompyuta yakale ya pathebulo yodya mawati 100 pamodzi ndi sikirini yake imathetsa zonse m'maola 6. Mawati 5 opulumutsidwa kwa maola 8 ndi 40 Wh. Batire la foni la 4,000 mAh limasunga pafupifupi 15 Wh, kotero tsamba la intaneti loiwalidwa lija ladya chaji ya mafoni awiri ndi kupitirira. M'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, palibe amene angazindikire. Mu Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikaphimba mapiri a kuseri kwa mudzi wa Messumba masiku atatu otsatizana, kusiyana kumeneku ndiko kumanena ngati mphunzitsi amaliza kulemba mayeso kapena ayembekeza dzuwa.

Pali wakudya mmodzi amene turbostat, PowerTOP ndi power_now onse samuona, chifukwa amakhala kunja kwa kompyuta. Ndi inveta. Imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kufika pa 220, kenako chaja cha laputopu chimawatsitsanso kufika pafupifupi 19 kapena 20, ndipo pa sitepe iliyonse mphamvu ina imasanduka kutentha. Kuwonjezera apo, inveta imadya ngakhale palibe chosomekedwa. Kuti muyeze zimenezi mufunika mita ya pamanja yoyezera ma-amp, yoikidwa pa waya wochokera kubatire: yezani inveta ili yokha, kenako laputopu itasomekedwa, ndipo chulukitsani ma-amp ndi mavoti a batire. Yerekezani ndi nambala ya m'kope mwanu ija. Ngati mpata ndi waukulu, funafunani chaja cha laputopu cha m'galimoto, chimene chimakweza mavoti 12 molunjika kufika pa amene makina anu amafuna, ndipo musanachisomeke werengani mavoti ndi ma-amp olembedwa pansi pa laputopu kuti agwirizane ndi a chajacho.